KODI MOTO WA MADZULO TIUSUNGE M'CIANI?

Anzanga ophunzira, ndi inu aphunzitsi athu olemekezeka, ndapempha malo pang'ono m'magazini athu ano kuti ndinenepo maganizo anga pa cinthu cimene tonse a kuno ku Mzimba timacidziwa ndi khungu lathu, ndico kuzizira kwa miyezi ya June ndi July. Boma la Mzimba liri pamtunda, mamita oposa 1,300 pamwamba pa nyanja ya mcere, ndipo mphepo ikatsika kucokera ku mapiri a Viphya, munthu wa ku Jenda, wa ku Champhira kapena wa ku Embangweni sasowa womuuza kuti nyengo yasintha. Masana dzuwa limawala bwino lomwe, koma likangolowa, kuzizira kumafika m'nyumba ngati mlendo wosaodira.

Cimanga timasunga m'nkhokwe, madzi timasunga mumtsuko, ndalama timasunga ku banki. Koma kutentha, kumene timakupeza ndi nkhuni ndi thukuta la amai athu, timangokutaya tsiku ndi tsiku. Anthu amene anayesa moto wa pa mafua atatu anapeza kuti mwa magawo 100 a kutentha kwa nkhuni, magawo 10 kapena 15 okha ndiwo amalowa mumphika, ndipo otsalawo amapita ndi utsi ndi mphepo. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa 9 mwa mabanja 10 ali onse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Tsono yense amene wayenda pafupi ndi nkhalango ya Perekezi, naona zitsa ndi matumba a makala m'mbali mwa mseu, adziwa kumene nkhuni zimenezi zikucokera.

Funso langa ndi ili: mwa zinthu zimene ziri pakhomo pathu, citsulo, madzi, mwala, njerwa, mcenga ndi dothi, ndi citi cimene cingatisungire kutentha kwa madzulo kufikira m'mawa? Ine ndikuti zinthu zimene timazinyoza, madzi ndi dothi, ndizo zipambana, ndipo citsulo cimene timacitama ndico ciri kumbuyo kwa zonse. Ndikutinso palibe cimodzi mwa izi cimene cingasunge kutentha ngati siticifunditsa. Lolani ndifotokoze zifukwa zace.

Poyamba tiyenera kudziwa muyeso. M'zaka za m'ma 1760, Joseph Black, mphunzitsi wa ku Glasgow m'dziko la Scotland, anaonetsa kuti zinthu ziwiri zolemera mofanana, zikatenthedwa pa moto umodzi, sizitentha mofanana ai, popeza ciri conse ciri ndi mimba yace-yace yolandirira kutentha. Lero timayesa kutentha ndi muyeso wochedwa kilojoule, dzina locokera kwa James Joule wa ku England. Kuti kilogalamu imodzi ya cinthu ikwere digiri imodzi, madzi amafuna makilojoule 4.2, mwala, njerwa, mcenga wouma ndi dothi louma zimafuna pafupi-fupi 0.8, citsulo cimafuna 0.45 basi. Cimene cinthu calandira potentha ndi comweco cimene cidzabweza pozizira. Cotero pa kilogalamu imodzi, madzi amasunga kasanu kuposa mwala, ndi kasanu ndi kanai kuposa citsulo.

Koma muyeso umodzi sukwanira. Pa cinthu ciri conse tiyenera kufunsa mafunso atatu. Kodi cimalandira kutentha kocuruka bwanji? Kodi cingatenthe kufika pati cisanaonongeke? Kodi cimabweza kutenthako msanga kapena pang'ono-pang'ono? Tiyeni tizione cimodzi-cimodzi.

Ndiyambe ndi citsulo, popeza ndico mfumu m'mitima ya anthu ambiri. Mnyamata akabwera kucokera ku Joni, cinthu coyamba cimene amagula ndi malata, ndipo mudzi wonse umati uyu ndiye watukuka. Sindikana, malata ali ndi ubwino wace: sapsya ndi moto wolusa, sadya ciswe, ndiponso safuna kumweta udzu caka ndi caka. Koma pa nkhani ya kutentha, akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Citsulo cimapititsa kutentha msanga koposa ka 50 kuyerekeza ndi njerwa, ndipo malata ndi opyapyala, kotero kuti alibe posungira kanthu. Masana a October amasandutsa nyumba ng'anjo, ndipo usiku wa June, pamene kumwamba kulibe mtambo, amataya kutentha konse kwa m'nyumba kufikira mame adontha kucokera kudenga. Onaninso mbaula ya citsulo ndi sefuliya. Makala akangozima, pasanathe theka la ora mungazigwire ndi dzanja. Citsulo ndi wamthenga wabwino wa kutentha, koma si msungi ai.

Caciwiri ndi madzi. Tengani ndowa ya malita 20, ndiwo makilogalamu 20, muitenthetse kucokera pa madigiri 20 kufika pa 90. Mukacurukitsa 20 ndi 4.2 ndi 70, mupeza makilojoule 5,880. Miyala yolemera makilogalamu 20 omwewo, ikatentha madigiri omwewo, isunga makilojoule 1,120 okha. Ngakhale tiyese ndi kukula kwa malo m'malo mwa kulemera, ndowa ya madzi imaposabe mwala waukulu ngati ndowayo pafupi-fupi kawiri. Ndiponso madzi sagula, ndipo m'mawa akali ofunda munthu asamba nao kapena kutsukira mbale, osakolezanso moto wina. Pa mafua atatu, kutenthetsa ndowa yotere kumadya nkhuni zouma makilogalamu 3 kapena 4. Nanga ndi nzeru kuisiya panja yosabvundikira kuti izizire, mawa n'kuyambanso?

Komabe madzi ali ndi malire ace. Kuno kumtunda amawira pa madigiri 95 kapena 96, osati 100 monga m'mabuku, cifukwa mpweya wa pamwamba ndi wopepuka. Akafika pamenepo sakweranso, amangosanduka nthunzi n'kuthawa. Cotero ndi madzi simungaphike mkate kapena kuocha mbatata. Ndiponso amatayika, amacititsa dzimbiri, ndipo botolo la pulasitiki lopyapyala limakwinyika mukathiramo madzi owira, mwana n'kupsya. Wofuna kugona ndi botolo la madzi ofunda atenge lolimba, lotsekeka bwino, athiremo madzi amene aphwa pang'ono, nalikulunge m'nsaru.

Cacitatu ndi mwala ndi njerwa. Izi zimalandira pang'ono pa digiri iri yonse, koma mphamvu yao ndi yakuti siziwira ai. Mwala ungatenthe kufika madigiri 300 osasintha maonekedwe. Miyala yathu ija ya makilogalamu 20, ikafika pa madigiri 300, isunga makilojoule 4,480, ndiye kuti yayandikira ndowa ya madzi ija. Njerwa imodzi ya makilogalamu 3, yotentha madigiri 200, isunga pafupi-fupi makilojoule 450, monga botolo la malita 2 a madzi a madigiri 75. Ubwino wina ndi wakuti njerwa kapena mwala ukaikidwa pambali pa moto nthawi yophika, umatola kutentha kumene kukanatayika kale, osaonjezera nkhuni ngakhale imodzi. Mafua a agogo athu amakhala ofunda kufikira pakati pa usiku, ndipo mphaka wa pakhomo amadziwa zimenezi kuposa ife ophunzira sayansi. Koma cenjerani ndi miyala ya kumtsinje. Mwala wotola m'madzi a Rukuru umakhala ndi cinyezi m'ming'alu yace, ndipo ukaikidwa pamoto cinyezico cimasanduka nthunzi, mwala n'kuphulika. Tengani mwala wouma wa kumtunda kapena njerwa youma, ndipo musaikulunge m'nsaru ikali yotentha kwambiri, ingaoche zofunda.

Cacinai ndi mcenga. Pa kilogalamu umafanana ndi mwala, koma pakati pa timiyala tace pali mpweya, motero umalandira kutentha mocedwa, nubwezanso mocedwa. Amai okazinga mtedza mumcenga amadziwa kuti mcengawo sutaya moto msanga. Tisaganize kuti iyi ndi nzeru ya amphawi okha. M'caka ca 2022, ku Kankaanpää m'dziko la Finland, kumene cisanu cimaumitsa nyanja, kampani ya Polar Night Energy inamanga nkhokwe ya citsulo nithiramo mcenga matani 100. Mcengawo amautenthetsa ndi magetsi kufika madigiri pafupi-fupi 500, ndipo kutenthako kumapita ku nyumba za anthu m'mipope ya madzi. Ngati anthu olemera otere anasankha mcenga, ife tiri ndi cifukwa canji coucitira manyazi? Kwa ife citini ca mcenga wouma, coikidwa pambali pa moto, ciri ndi ubwino umodzi woposa madzi: cikagwa sicimwaza cinthu cowira pa mwana.

Cacisanu ndi dothi, ndipo apa ndikunena za khoma la nyumba. Khoma la zidina kapena la dothi lotsendera, locindikala masentimita 25, limalemera makilogalamu oposa 400 pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Lata la malo omwewo limalemera makilogalamu 3 kapena kucepera. Mukawerengetsa mupeza kuti khomalo limasunga kutentha koposa ka 200 kuyerekeza ndi lata. Dzuwa limene lawomba khoma masana limatenga maora ambiri kuti lidutse, ndipo limafika m'kati madzulo, nthawi yomwe tikulifuna. Ici ndico cifukwa cace nyumba ya agogo, ya dothi ndi udzu wocindikala, imakhala yofunda mu June ndi yozizirira mu October. M'caka ca 1967, ku Odeillo m'dziko la France, Félix Trombe ndi mnzace anamanga nyumba ya khoma locindikala lakuda, lokhala ndi galasi kutsogolo kwace, kuti lizimwa dzuwa masana ndi kulibweza usiku. Khoma lace linayang'ana kum'mwera, popeza France ali kumpoto kwa dziko lapansi. Ife a ku Mzimba tiri kum'mwera kwa ikweta, ndipo mu June dzuwa limayenda cakumpoto kwathu. Cotero womanga nyumba kuno aike zenera lalikulu ndi khoma locindikala kumpoto, ndipo mbali ya kum'mwera ndi kum'mawa, kumene kumacokera mphepo yozizira, aicinjirize.

Wina adzafunsa ngati njerwa yoocha siiposa cidina. Pa kusunga kutentha ziwirizi ziri pafupi-fupi cimodzi-modzi. Kusiyana kwace ndi kwakuti njerwa yoocha yadya kale mitengo mu uvuni isanafike pa nyumba. Cifukwa ca ici, m'caka ca 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zoocha ndi nkhuni pa nchito zikulu-zikulu zomanga. Cidina cimaopa mvula, inde, koma maziko okwera a miyala ndi denga lotambalala bwino zimaciteteza zaka zambiri.

Palinso zinthu zina zimene zimasunga kutentha posungunuka. Phula la kandulo limamwa makilojoule pafupi-fupi 200 pa kilogalamu pamene likusungunuka, nilibweza pamene likuuma. M'caka ca 1948, mai wina wa sayansi, Mária Telkes, anafunditsa nyumba ku Dover m'dziko la America ndi mcere wina wosungunuka ndi kutentha kwa dzuwa. Nyumbayo inafunda ndithu, koma patapita zaka zowerengeka mcerewo unaononga zitini zace ndipo nchito inalekeka. Nzeru zimenezi n'zokoma kuziwerenga, koma phula limagula ndalama ndipo limayaka moto. Pa mudzi wathu sindiziwerengera.

Tsono ndafika pa mau amene ndikuwayesa akulu koposa onse. Nkhokwe yopanda denga sisunga cimanga, ndipo cinthu cotentha copanda cofunda sicisunga kutentha. Cofunda cabwino ndi cinthu copepuka cimene cimatsekera mpweya m'kati mwace, monga thonje, makoko a cimanga, masamba a nthoci ouma, mankhusu, udzu wouma, nsaru zakutha, ndi utuci umene umaunjikana kwa oceka matabwa a ku Chikangawa. Zinthu izi pa zokha sizisunga kutentha kweni-kweni, koma zimatseka njira kuti kusathawe. Agogo athu anali kudziwa zimenezi pamene anali kukwirira cikuni ca moto ndi phulusa madzulo, m'mawa n'kufukula makala akali amoyo, osapita kukapala moto kwa anansi. Mau a akulu-akulu akoma akagonera.

Nzeru yomweyi ndiyo ya dengu lophikira. Tengani dengu lalikulu, muyalemo makoko kapena thonje locindikala ngati cikhatho m'mbali monse ndi pansi, mukute ndi nsaru, ndipo mupange kapilo kobvundikira pamwamba. Nyemba, zimene kwathu timati nchunga, muzibviike m'madzi usiku wonse. M'mawa muziwiritse kolimba mphindi 15 kapena 20, ndipo musacepetse nthawi imeneyi, popeza nyemba zosawira bwino zimapweteka m'mimba. Kenaka tengani mphika wobvundikira bwino, uli cibwatire, muuike m'dengu, mutseke. Pakatha maora 3 kapena 4 osatsegula, nyemba zapsya. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Onani kuti msungi wa kutentha pano ndi madzi a mumphika omwewo, ndipo dengu langowafunditsa. Ku South Africa, thumba lochedwa Wonderbag, limene linayamba m'caka ca 2008, limagwira nchito mwa njira yomweyi ndipo anthu amaligula ndi ndalama, pamene ife zipangizo zace timazitentha m'munda tikakolola. Cenjezo lace ndi limodzi: cakudya cikakhalitsa m'dengu kufikira cangotsala cofunda pang'ono, muciwiritsenso musanadye.

Ndikudziwa kuti ena a inu muli ndi mau otsutsa, ndipo ndiyenera kuwayankha. Wina adzati nsima siingaphikike m'dengu. Zoona, nsima ifuna moto ndi mthiko. Koma nsima imapsya msanga, pamene nyemba zimakhala pamoto maora awiri kapena atatu, ndipo ndizo zimatha nkhuni. Wina adzati anthu amakonda kuotha moto ndi kuceza, osati kukumbatira njerwa. Zoonanso, ndipo sindikuti tizime moto wa madzulo ai. Ndikuti moto womwewo, pamene tikuotha, uzitenthetsanso njerwa ziwiri ndi ndowa ya madzi. Wina adzati kodi tifumule malata tibwerere ku udzu? Iai. Malata akhale, koma pansi pace tiyale denga laciwiri la bango kapena mphasa, kuti citsulo citeteze mvula ndipo bango lisunge kutentha. Winanso adzati magetsi adzafika. Tiwalandira akadzafika, koma ngakhale a ku Finland, amene magetsi ali nao kale, akusungabe kutentha kwao mumcenga.

Kunena za mbaula, boma linalonjeza m'caka ca 2013 kuti mbaula zosunga nkhuni 2 miliyoni zifike m'makomo pofika 2020, ndipo yodziwika kwambiri ndi Chitetezo Mbaula, youmba ndi dothi. Imacinga mphepo, imasonkhanitsa moto pansi pa mphika, ndipo moto ukazima imakhalabe yofunda nthawi yaitali kuposa ya citsulo. Koma tisapitirire muyeso ndi kumanga ng'anjo yaikulu ya dothi poganiza kuti kukula ndiko ubwino. Ng'anjo yolemera imayamba yamwa yokha kutentha isanapatse mphika. Mu June cimeneci ndi phindu, popeza khichini limafunda, koma mu October ndi kutaya nkhuni cabe.

Pali cinthu cimodzi cimene ciposa nkhuni ndi mitengo, ndico moyo wa munthu. Usiku wozizira anthu ena amalowetsa mbaula ya makala m'cipinda, natseka citseko ndi mazenera, nagona. Makala oyaka mopanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya woipa wochedwa carbon monoxide, umene ulibe pfungo kapena maonekedwe. Munthu amayamba kumva mutu ndi tulo, ndipo ena sadzukanso. Njerwa yofunda, citini ca mcenga kapena botolo la madzi sizitulutsa mpweya uli wonse. Moto utsale kunja kapena kukhichini, ndipo m'cipinda mulowe kutentha kwace kokha. Ngakhale mau anga ena onse muwaiwale, awa okha muwatengere kwanu.

Cigamulo canga tsono ndi ici. Pofunditsa munthu usiku ndi posunga madzi osamba, madzi ndiwo oyamba. Pofuna kutentha kwakukulu kotola pambali pa moto, njerwa ndi mwala wouma ndizo zoyamba, mcenga n'kutsatira. Pofunditsa nyumba yonse, khoma locindikala la dothi liribe mnzace. Citsulo cikhale ca mphika ndi denga, koma tisacipatse nchito yosunga. Ndipo zonsezi zifunditsidwe.

Sindikupempha kuti mukhulupirire mau anga cabe. Ndikupempha aphunzitsi athu a sayansi kuti atilole kuyesa. Titenge zitini zinai zofanana, tiikemo madzi, mcenga, timiyala ndi misomali, zonse zolemera mofanana, tizimize mumphika wa madzi owira kufikira zitenthe mofanana, ndipo tizitulutse ndi kulemba madigiri ace theka la ora liri lonse. Tsiku laciwiri tibwereze, zitini ziri m'bokosi la utuci. Zimene tidzapeze tidzazilembe m'magazini otsatira, ndipo wonditsutsa adzanditsutse ndi manambala ace.

Pomaliza, anzanga, chuthi cikafika yense wa ife apange dengu limodzi lophikira, akapatse amai ace kapena agogo ace, nakhale nao pa tsiku loyamba kuliyesa. Ngati tiri ophunzira 300, ndiye kuti makomo 300 adzaphika nchunga ndi nkhuni zocepa, ndipo alongo athu adzacepetsa maulendo a kuchire. Makolo athu amagulitsa cimanga ndi mbuzi kuti tikhale pano, ndipo n'koyenera kuti maphunziro athu afike kukhichini kwao tisanalandire n'komwe satifiketi.

Ndine mnzanu,
Wophunzira wa Fomu 3